Gemu Yaulere: Kodi Ndi Kuba Ngati Mwiniwake Sanataye Kanthu?

Mu Epulo 2013, anyamata awiri apachibale, Patrick ndi Daniel Klug, anatulutsa gemu yawo yoyamba ya pakompyuta yotchedwa Game Dev Tycoon kudzera m'kakampani kawo ka Greenheart Games ku Australia. M'gemuyi wosewera amakhala mwini wa kampani yopanga magemu: amalemba anthu ntchito, amagulitsa katundu wake n'kumayesetsa kuti bizinesi ikule. Mtengo wake unali madola 7.99 a ku America.

Tsiku lomwelo abalewa anachita chinthu chodabwitsa. Anaika okha kope laulere la gemuyo pa intaneti, pamalo amene anthu amagawirana zinthu zosalipira. Koma kope limeneli analitchera msampha. Wosewera akafika pakati, anthu a m'gemumo amayamba kukopera magemu ake osagula, ndalama zimatha, mpaka kampani yake kugwa. Litatha tsiku limodzi abalewo anawerenga anthu amene ankasewera: ogula anali 214, ndipo a kope laulere anali 3,104. Ena mwa a kope laulerewo anayamba kudandaula poyera, kufunsa anzawo nzeru zoletsera akuba amene ankawagwetsera kampani.

Nkhaniyi imaseketsa, koma funso lake lafika m'makomo ambiri. Mwana akabwera ndi fulashi yodzaza magemu amene mnzake wamupatsa, kapena mukapita ndi laputopu kwa wokonza makompyuta n'kubwera itaikidwa magemu khumi "a basera", kodi pali cholakwa? Makolo ambiri amene sangalole mwana wawo kutola ngakhale K100 ya mnzake safunsa n'komwe kumene magemuwo achokera.

Gemu "yothyoledwa" n'chiyani?

Makampani ambiri amaika loko m'magemu awo, kapulogalamu kofufuza ngati wosewerayo analipiradi. Loko wodziwika kwambiri ndi Denuvo, wa kampani ya ku Austria, amene anayamba kugwiritsidwa ntchito mu 2014. Pali magulu a akatswiri a makompyuta amene ntchito yawo ndi kuthyola maloko amenewa. Akathyola, amaika gemuyo pa intaneti, ndipo kuchoka pamenepo imayenda kuchokera pa kompyuta ina kupita pa ina, pa fulashi kapena pa foni. Ikamafika kwa mwana wa m'nyumba mwanu imakhala itadutsa m'manja ambiri, ndipo iye amangoiona ngati mphatso ya mnzake.

Mkangano wake si wa lero. Mu 1976 Bill Gates, ali mnyamata wa zaka 20, analemba kalata yodandaula kuti anthu ambiri ankagawana pulogalamu ya kampani yake ya Altair BASIC osalipira. Kuyambira nthawi imeneyo mbali ziwiri zakhala zikuyankhana, ndipo amene amakopera magemu ali ndi zifukwa zitatu zimene tiyenera kuzimva bwino tisanaweruze.

"Palibe chimene ndachotsa"

Chifukwa choyamba n'chakuti kukopera n'kosiyana ndi kutenga. Munthu akakuberani njinga, inu mumayenda wapansi. Koma akakopera gemu, mwiniwake amakhala nayobe. Ndipo si aliyense wokopera amene akanagula. Kafukufuku amene bungwe la European Commission linalipirira, yemwe anadziwika poyera mu 2017, sanapeze umboni wokwanira wakuti kukopera magemu kumatsitsa malonda ake, ngakhale anapeza kuti mafilimu otchuka amene angotuluka kumene amaluza ndithu.

Mfundoyi ili ndi choonadi chake, koma imayang'ana pa katundu n'kuiwala thukuta. Chimene wopanga gemu amagulitsa ndi ntchito yake. Eric Barone wa ku America anapanga yekha gemu ya ulimi ya Stardew Valley kwa zaka zinayi ndi theka: kujambula zithunzi, kupeka nyimbo, kulemba nkhani ndi pulogalamu yonse. Pa nthawiyo ankagwira kaganyu kolondolera anthu pokhala m'nyumba ya zisudzo, ndipo gemuyo inatuluka mu Febuluwale 2016. Magemu akuluakulu amapangidwa ndi anthu mazanamazana. Zikalata za kukhoti mu 2023 zinaonetsa kuti kupanga The Last of Us Part II kunadya madola pafupifupi 220 miliyoni.

Tayerekezani telala amene wasoka diresi la ukwati. Mwininsalu akatenga diresilo osalipira, n'kunena kuti telalayo sanataye kanthu popeza nsalu inali yake yomwe, tonse tingaone pamene pali chinyengo. Telalayo wataya masiku ake ndi luso lake. Oimba a ku Malawi amalidziwa bwino bala limeneli: kubena nyimbo m'misika kunapha malonda a matepi ndi ma CD, ndipo bungwe la COSOMA, limene linakhazikitsidwa mu 1992, lakhala likulimbana ndi vuto lomweli. Ngati timamvera chisoni woimba wa kwathu amene nyimbo yake ikulira m'minibasi iliyonse koma iye akusowa ya lendi, chisoni chomwecho chikuyenera wopanga gemu wa ku Poland kapena ku Japan.

"Mtengo wake ngosatheka"

Chifukwa chachiwiri ndi umphawi, ndipo nchomveka. Kuyambira 2020 magemu ambiri akuluakulu akhala akugulitsidwa madola 70. Kwa banja la ku Lilongwe, Chipata kapena Tete, ndalama imeneyo ndi chakudya cha masiku ambiri. Kwacha ya Malawi itatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, chilichonse chogulidwa ndi madola chinakwera tsiku limodzi. Komanso kugula pa intaneti kumafuna khadi la kubanki limene achinyamata ambiri alibe.

Ena mwa opanga magemu amavomereza kuti mbali ina ya vutoli ndi yawo. Gabe Newell, mkulu wa kampani ya Valve imene ili ndi sitolo ya pa intaneti ya Steam, ananena mu 2011 kuti anthu amakopera makamaka chifukwa ogulitsa sawatumikira bwino, ndipo anapereka chitsanzo cha Russia, dziko limene ena ankati muli akuba okhaokha koma linasanduka msika waukulu wa kampani yake. Ku Poland, kampani ya CD Projekt inayamba mu 1994 pamene misika inali yodzaza ndi ma CD okopera. Mu 1999 inatulutsa gemu ya Baldur's Gate m'Chipolishi, ndi mawu a akatswiri a zisudzo a m'dzikomo, m'bokosi lokongola lokhala ndi mapu ndi buku. Anthu anagula mwaunyinji ngakhale yokopera inali yotchipa. Mu 2008 kampaniyi inatsegula sitolo ya GOG yogulitsa magemu opanda loko.

Markus Persson, amene anayambitsa Minecraft, anauza wosewera wina wosowa ndalama mu 2012 kuti angokopera gemuyo, adzagule akadzapeza ndalama ngati adzaikondebe. Anthu ambiri amatchula nkhaniyi podziikira kumbuyo, koma imaonetsa pamene pagona kusiyana. Persson anali mwini wake, ndipo mwini munda ndi amene amaloleza anthu kukunkha. Chilolezo chimene iye anapereka pa gemu yake sichikhudza gemu ya munthu wina.

Tiyeneranso kunena mosabisa kuti gemu si chimanga kapena mankhwala. Palibe amene amadwala chifukwa sanasewere mpira wa pakompyuta wa chaka chino. Kusowa ndalama kumatifotokozera chifukwa chimene chiyeso chilili champhamvu, koma sikusandutsa chinthu cha mwini kukhala chathu.

"Nanga zimene sakugulitsanso?"

Chifukwa chachitatu ndi chovuta kuposa zonse. Mu 2023 bungwe la Video Game History Foundation linapeza kuti magemu 87 pa 100 alionse amene anatulutsidwa ku America chisanafike chaka cha 2010 sakupezekanso pa malonda. Ena alipobe lero chifukwa choti anthu wamba anawakopera n'kuwasunga. Ndiye pali nkhani ya The Crew, gemu ya mpikisano wa magalimoto ya kampani ya Ubisoft. Pa 31 Malichi 2024 kampaniyo inazimitsa makompyuta amene gemuyo inkadalira, ndipo anthu amene anaigula ndi ndalama zawo sanathenso kuisewera. Izi zinabala kampeni ya Stop Killing Games, yopempha maboma kuti aletse mchitidwe wotere.

Apa ogula ali ndi dandaulo lenileni, ndipo chilungamo chimafunika mbali zonse. Wogulitsa amene amalandira ndalama kenako n'kulanda katunduyo nayenso ali ndi mlandu wa chikumbumtima. Komabe munthu amene akusunga gemu ya 1991 imene palibe akuigulitsa ali pa malo osiyana kwambiri ndi amene wakopera gemu yotuluka sabata yatha. Kampani ya Nintendo inauza khoti kuti The Legend of Zelda: Tears of the Kingdom inakopedwa maulendo opitirira miliyoni imodzi isanayambe n'kugulitsidwa komwe mu Meyi 2023. Kumeneko sikunali kusunga mbiri. Magemu ambiri amene ali pa mafulashi a ana athu ndi a mtundu wachiwiriwu.

Nyambo imabisa mbedza

Amene amagawa magemu aulere si onse amene amachita zimenezi chifukwa cha chifundo. Mu Juni 2021 kampani ya Avast, yopanga mapulogalamu oteteza makompyuta, inalengeza za vairasi yotchedwa Crackonosh imene inabisidwa m'magemu othyoledwa monga Grand Theft Auto V, Far Cry 5 ndi The Sims 4. Inalowa m'makompyuta opitirira 220,000. Ikalowa inkazimitsa chitetezo cha kompyutayo n'kuyamba kuigwiritsa ntchito mwakabisira popanga ndalama za pa intaneti zotchedwa Monero, ndipo eni vairasiyo anapeza ndalama zokwana pafupifupi madola 2 miliyoni. Mwini kompyuta ankangoona kuti makina akutentha, akuchedwa, ndipo magetsi akutha msanga. Mavairasi ena amaba manambala achinsinsi. Ngati laputopu imene mwana amasewerera ndi yomwe bambo kapena mayi amalowera ku banki, banja lonse lili pangozi.

Lamulo nalonso limaluma, makamaka kwa ochita malonda ndi zobedwazi. Gary Bowser wa ku Canada, amene ankagulitsa zipangizo zothyolera makina a Nintendo, anaweruzidwa mu 2022 kukhala m'ndende miyezi 40 ndi kulipira madola 14.5 miliyoni. Ku Malawi lamulo loteteza umwini wa ntchito zaluso linakonzedwanso mu 2016.

Pali ngozi ina imene imakhudza thanzi la mwana. Gemu yogula m'sitolo imakhala ndi chizindikiro cha zaka. Grand Theft Auto V, mwachitsanzo, ndi ya anthu a zaka 18 kupita m'tsogolo chifukwa cha chiwawa ndi zolaula. Gemu ya pa fulashi imalowa m'nyumba kholo lisanaone chizindikirocho. Ndiponso chinthu chikakhala chaulere chimachuluka: mwana amene ali ndi magemu makumi atatu amagona mochedwa, amadya ali pa sikirini, ndipo homuweki imadikira. Bungwe la zaumoyo la World Health Organization linavomereza mu 2019 kuti kusewera magemu mosadziletsa, mpaka kusokoneza sukulu, ntchito ndi banja kwa nthawi yaitali, ndi vuto la thanzi lofunika chithandizo.

Chimene mwana amaphunzira

Lamulo lachisanu ndi chitatu, pa Eksodo 20:15, silitchula mtengo wa chinthu kapena kulemera kwa mwini wake. Pa Levitiko 19:13 ndi pa Yakobo 5:4 Malemba amadzudzula kumana wantchito malipiro ake, ndipo pa Luka 16:10 Yesu amaphunzitsa kuti kukhulupirika pa zazing'ono ndi kumene kumaonetsa mmene munthu adzachitire pa zazikulu. Kukopera gemu n'kosavuta, kumachitika m'chipinda, ndipo wolakwiridwa ali kutsidya kwa nyanja kumene sadzamva. N'chifukwa chake nkhaniyi ili muyeso wabwino wa khalidwe. M'mera mpoyamba. Mwana amene wazolowera kuti chinthu ndi chololedwa malinga ngati palibe akuona, adzanyamula phunziro lomwelo kupita nalo m'chipinda cha mayeso ndi ku ofesi kumene adzasunga ndalama za ena.

Zimene banja lingachite

Yambani ndi kufunsa, osati kukalipa. Ana ambiri sadziwa kuti gemu imene anapatsidwa ili ndi mtengo. Khalani naye pansi, tsegulani kompyutayo limodzi, ndipo mufunseni kumene gemu iliyonse inachokera ndi amene anaipanga.

Muonetseni njira zoyenera, pakuti zilipo zambiri. Magemu monga SuperTuxKart, 0 A.D. ndi The Battle for Wesnoth amaperekedwa kwaulere ndi eni ake. Gemu ya mpira ya eFootball yakhala yaulere kuyambira 2021, ngakhale muyenera kusamala ndi zogulagula za m'kati mwake. Sitolo ya Epic Games imapereka magemu aulere pafupifupi sabata iliyonse, ndipo Steam ndi GOG amatsitsa mitengo kwambiri kangapo pa chaka. Gemu imene inatuluka zaka zisanu zapitazo nthawi zambiri imakhala yotchipa, koma kukoma kwake n'komweko.

Ngati pali gemu imene mwana akuifunitsitsa ndipo mwaona kuti ndi yoyenera msinkhu wake, muthandizeni kusunga ndalama pang'onopang'ono. Akadikira miyezi itatu kuti agule chinthu chimodzi, amachisamala ndipo amaphunzira kudziletsa.

Popita ndi kompyuta kokakonzetsa, muuzeni wokonzayo kuti asaikemo magemu kapena mapulogalamu othyoledwa. Ngati alimo kale, afufuteni, yeretsani makinawo ndi pulogalamu yochotsa mavairasi, ndipo sinthani manambala anu achinsinsi.

Chomaliza n'chovuta kwa ife akuluakulu. Mwana akamva kuti gemu yokopera ndi yolakwika, adzayang'ana mafilimu, nyimbo za kwaya ndi mabuku amene ali pa foni ya bambo ndi mayi ake, ndipo adzafunsa ngati zinalipiridwa. Ndi bwino kuyamba mwayang'ana nokha foni yanuyo musanamuitane kudzakambirana.