Njira ya ku Yunivesite

Mlimi wanzeru sayamba kusula khasu mvula itagwa kale. Amakonzeratu munda wake m'chilimwe, ndipo mbewu amazisunga pabwino. N'chimodzimodzinso mwana amene afuna kudzakhala dokotala, loya, mphunzitsi kapena mlangizi wa zaulimi. Ayenera kudziŵiratu njira imene adzayende, ngakhale akadali mu Sitandade 5.

Ntchito zoterezi anthu amaziphunzira ku koleji kapena ku yunivesite, kumene ena amati sukulu ya ukachenjede. Yunivesite yoyamba m'dziko lathu lino ndiyo Yunivesite ya Malaŵi, imene idayamba kuphunzitsa mumzinda wa Blantyre m'chaka cha 1965. M'chaka cha 1973 koleji yake ya Chancellor idasamukira ku Zomba, kumene yunivesiteyi ili mpaka lero. Tsopano boma lili ndi mayunivesite 6. Ku Bunda, m'boma la Lilongwe, kuli ya zaulimi. Ku Thyolo kuli ya sayansi ndi zaluso. Ku Blantyre kuli aŵiri: ya zaumoyo ndi ina ya zamalonda ndi zomangamanga. Ina ili ku Mzuzu. Aliponso mayunivesite a mipingo ndi a anthu ena apadera.

Kodi munthu amafikako bwanji? Akapambana mayeso otsiriza a ku pulaimale amapita ku sekondale. Atafika mu Folomu 4 amalemba mayeso aakulu otchedwa MSCE, ndipo mayeso ameneŵa ndiwo khomo loloŵera ku yunivesite.

Kaŵerengedwe ka zotsatira za mayesoŵa n'kodabwitsa pang'ono. Pa phunziro lililonse wophunzira amapatsidwa nambala, kuyambira 1 kulekeza 9. Wopeza 1 kapena 2 ndiye kuti wakhoza mwapamwamba zedi. Wopeza 3, 4, 5 kapena 6 wakhoza bwino. Wopeza 7 kapena 8 wangokhoza chabe, koma wopeza 9 walephera. Tsono amatenga maphunziro 6 amene wophunzirayo wachita bwino koposa n'kuphatikiza manambala ake, ndipo chimene chatuluka amachitcha mapointi. Motero mwana wa mapointi 6 waposa mnzake wa mapointi 20, pakuti pano chochepa ndicho chopambana.

Kuti munthu aganiziridwe malo ku yunivesite ya boma, ayenera kukhoza bwino maphunziro 6, ndipo limodzi mwa iwo likhale Chingerezi. Komanso ntchito iliyonse ili ndi maphunziro ake. Wofuna udokotala alimbike pa masamu ndi sayansi. Zotsatira zikatuluka, wophunzira amalembera ku bungwe loyang'anira maphunziro apamwamba la NCHE, natchula maphunziro amene akufuna kukachita. Ofuna malo ndi ambiri koma malo ndi ochepa, choncho kungokhoza chabe sikukwanira ayi.

Atasankhidwa, wophunzira amakumana ndi vuto lina, ndilo la ndalama. Ku yunivesite kumafunika fizi chaka ndi chaka. Kumafunikanso ndalama za chakudya, malo ogona, mabuku ndi ulendo. Makolo ambiri amene amadalira khasu sangathe kupeza zonsezi, ngakhale atagulitsa mbuzi ndi chimanga chonse cha m'nkhokwe. Kodi tsono mwana wa mmphaŵi ataye mtima? Iyayi.

M'chaka cha 2015 Nyumba ya Malamulo idakhazikitsa bungwe lotchedwa Higher Education Students' Loans and Grants Board. Ntchito yake ndiyo kukongoza ndalama ophunzira osoŵa amene apeza malo ku makoleji ndi mayunivesite ovomerezeka. Wofuna thandizo amalemba fomu yofotokoza za iye mwini ndi za banja la kwawo, ndipo a bungwe amafufuza ngati iyeyo ali wosoŵadi. Pa fomuyo payenera kulembedwa zoona zokhazokha, chifukwa wonama amalanda mwayi wa mnzake amene alibe pogwira.

Tiyenera kusiyanitsa ngongole ndi mphatso. Mphatso ya maphunziro siibwezedwa. Imaperekedwa kwa ochepa, makamaka amene akhoza mwapamwamba kapena amene asoŵeratu owathandiza, ndipo imachokera ku boma, mipingo, makampani ndi mabungwe ena. Koma ngongole njobweza. Wophunzira akatsiriza maphunziro ake amapatsidwa kanthaŵi kofunira ntchito, kenaka amayamba kubweza pang'onopang'ono. Ngati walembedwa ntchito, ndalamazo zimadulidwa pa malipiro ake mwezi ndi mwezi.

Kubweza kumeneku n'kofunika kwambiri. Ndalama za ngongolezi zili ngati mbewu imene munthu wabwereka kwa mnansi wake. Akakolola nabweza, mnansiyo amabwerekanso wina chaka chamaŵa. Koma wobwereka akadya zonse, mudzi umasoŵa chobzala. Amene akubweza lero akutsegulira njira ana amene ali m'Sitandade 5 tsopano, ndipo inunso mudzatsegulira ang'ono anu.

Nanga inu mungachitepo chiyani lero? Musajombe ku sukulu. Ŵerengani mabuku a Chicheŵa ndi a Chingerezi tsiku ndi tsiku, ndipo masamu musawaope. Funsani aphunzitsi anu za ntchito imene mumailakalaka. Kambiranani ndi makolo anu kuti ayambe kusunga kangachepe pa zokolola, pakuti ngongole siikwanira pa zosoŵa zonse. Atsikana ndi anyamata onse ali ndi mwayi wofanana pa njira imeneyi. Ulendo wake ndi wautali ndithu, koma akuluakulu adati tsokonombwe adatha mtunda n'kudumpha.

Mafunso

1. Kodi Yunivesite ya Malaŵi idayamba kuphunzitsa chaka chanji, ndipo kuti?
2. Tchulani malo atatu kumene kuli mayunivesite a boma.
3. Wakhoza bwino ndani pakati pa wa mapointi 12 ndi wa mapointi 30? Chifukwa chiyani?
4. Fotokozani kusiyana kwa ngongole ndi mphatso ya maphunziro.
5. Chingachitike n'chiyani ngati okongola ndalama za maphunziro sabweza?
6. Kodi mwambi uli kumapeto kwa nkhaniyi ukutiphunzitsa chiyani?