Handibuleki itajama ku Cape Maclear: zomwe ndinaphunzira pa mchenga

Tinadzuka 5 koloko m'mawa, tinapinda matilesi, tinalongedza mapoto ndi kambaula ka gasi, tonse mitima ili ku Lilongwe. Msuweni wanga analiza galimoto, anamasula handibuleki, n'kulowetsa giya wani. Injini inalira bwinobwino, koma galimoto osasuntha. Anayesanso. Kumbuyo kunangomveka kuti "gu", basi. Tinayang'anizana.

Galimotoyo ndi Toyota HiAce, mtundu womwewu wa maminibasi timakwera tsiku ndi tsikuwa, kungoti iyi inachotsedwa mipando n'kuikamo bedi, kasinki ndi kafiriji. Ndi galimoto zogonamo zija alendo amazitcha camper van. Msuweni wangayo anaigula ndi ndalama za ngongole ndipo amabwereketsa kwa alendo okaona malo. Tsiku lotsatira amayenera kukatenga anthu awiri pa bwalo la ndege la Kamuzu, omwe anali atalipira kale theka la ndalama. Ndiye mumvetse kuti galimoto kukana kusuntha tsiku limenelo sinali nkhani yoseketsa ngakhale pang'ono.

Tinafika ku Cape Maclear masiku asanu m'mbuyomo, mvula ikugwa. Pa msewu wochokera ku mphambano ya Monkey Bay tinadutsa m'madzi malo angapo. Titafika pamalo pogona tinaimika galimoto potsetsereka pang'ono, moyang'ana kunyanja, ndipo msuweni wanga anakoka handibuleki mpaka pamapeto. Masiku onse asanuwo sitinaigwedeze. Timangosambira, kudya nsomba, kujambula zithunzi za pa WhatsApp. Sitinadziwe kuti kumatayala akumbuyo dzimbiri lili pa ntchito.

Chinthu choyamba chomwe anachita msuweni wanga ndi chomwe ambirife tingachite: kuponda moto kwambiri. Teyala lakumanja linayamba kuzungulira pamalo amodzi n'kumakumba mchenga, lakumanzere lili duu. Posakhalitsa kunamveka fungo la kilachi ikupsa. Ine, ndi digiri yanga ya zofalitsa nkhani, ndinali nditatsegula kale YouTube, netiweki ikubwera n'kumathawa.

Mlonda wa pamalopo ndi amene anatiitanira bambo wina wachikulire wa m'mudzi mwa Chembe, yemwe amakonza mainjini a maboti komanso maminibasi. Anabwera ndi kachikwama ka masipanala, hamala ndi chidutswa cha thabwa. Asanagwire chilichonse anati: "Ana anga, thimitsani kaye injiniyo. Mukapitiriza chonchi mugula kilachi yatsopano, pomwe vuto lenileni ndi laling'ono."

Zomwe anatifotokozera ndizilemba pano mmene ndinazimvera, chifukwa zikukhudza aliyense amene ali ndi galimoto, kaya ndi HiAce, kaya ndi kagalimoto kakang'ono komwe mwangoitanitsa ku Japan.

Handibuleki ya mtundu uwu sidalira mafuta a mabuleki ayi. Chogwirira chija chimakoka kebulo yachitsulo yomwe imadutsa pansi pa galimoto n'kugawikana pawiri kupita ku matayala akumbuyo. Pa HiAce matayala akumbuyowo ali ndi dilamu, chitsulo chooneka ngati beseni chomwe chimazungulira limodzi ndi teyala. M'kati mwake muli ma brake shoe awiri. Mukakoka handibuleki, ma shoe aja amakanikizika ku dilamu, teyala n'kuima. Mukamasula, masipuling'i amawabweza.

Ndiye pali malo atatu pomwe zinthu zimajama. Poyamba ndi pa chogwirira penipenipo: timano tomwe timachigwira timakana kumasuka ngati munakoka mwamphamvu kwambiri. Apa mankhwala ake ndi kuponda buleki ya phazi, kukoka chogwiriracho pang'ono ngati mukuonjezera, kenako n'kudina batani, kapena kupotokola ngati ndi chija chokhala pansi pa dashibodi ngati chogwirira ambulera. Kachiwiri ndi kebulo: madzi ndi matope zikalowa mu chikuto chake imachita dzimbiri, n'kumakana kubwerera. Kachitatu ndi chomwe chinatichitikira ife: dilamu yonyowa ikakhala masiku angapo itakanikizidwa ndi ma shoe, dzimbiri limamata ziwirizo pamodzi.

Bambo aja anayamba ndi kugoza matayala onse akutsogolo ndi miyala ikuluikulu, kutsogolo ndi kumbuyo kwa teyala lililonse. Kenako anasuzumira pansi kuona kebulo, msuweni wanga akukoka ndi kumasula chogwirira. Kebulo imayenda bwinobwino, kusonyeza kuti vuto lili m'kati mwa dilamu. Teyala lomwe limakumba mchenga lija linali litatiuza kale kuti mbali yojama ndi yakumanzere.

Anati pamalo olimba njira yoyamba ndi kugwedeza galimoto: giya wani pang'ono, livesi pang'ono, mofatsa, kangapo. Nthawi zambiri dzimbiri limasweka lokha, mumangomva kuti "kha". Koma pa mchenga, teyala lina likungoterereka, njira imeneyi sithandiza, ndipo ife tinali titaiononga kale ndi changu chathu.

Choncho tinapita ku jeke. Anamasula pang'ono manati teyala likadali pansi, anaika thabwa pansi pa jeke kuti isamire mu mchenga, anakweza galimoto, n'kuchotsa teyala. Teyala lomwe anachotsalo analigoneka pansi pa galimoto, kuti jeke ikaterereka galimoto igwere pamenepo. Msuweni wanga anafuna kulowetsa mutu pansi kuti aone bwino, bambo aja anamukoka malaya. "Mwana wanga, jeke si m'bale wako," anatero.

Apa ndi pomwe ndinamva chinthu chomwe chinandiopsa. HiAce imayendera matayala akumbuyo. Mukakweza teyala limodzi lakumbuyo, handibuleki ili yomasula, giya sikugwiranso galimoto mmene mukuganizira, chifukwa cha mmene difu imagawira mphamvu ku matayala awiriwo. Komanso kuti muone ngati dilamu yamasuka, giya imayenera kukhala pa nyutulo. Kutanthauza kuti nthawi imene dzimbiri likusweka, chomwe chikugwira galimoto yonse ndi miyala mwagozera ija basi. Ife tinali potsetsereka, kumunsi kwake kuli ana akusewera m'mbali mwa nyanja. Bambo aja anabwerera kukaponda mwala uliwonse ndi phazi kuti atsimikize, ndipo anauza msuweni wanga kuti akhale pa mpando wa dalaivala, phazi lili pafupi ndi buleki.

Kenako anatenga chidutswa cha thabwa chija, anachigunditsa pa dilamu, n'kumamenya ndi hamala mozungulira, osati pamalo amodzi. Samamenya ngati akuswa mwala ayi, komanso amapewa mabawuti omangirapo teyala kuti asaononge mazinga ake. Thabwalo ndi loteteza dilamu, chifukwa chitsulo chake chikhoza kung'aluka mukachimenya mwankhanza. Atazungulira kachitatu tinamva kuti "kha!" Anagwira dilamu ndi manja awiri, inazungulira, ikulira ngati munthu akupala mpoto.

Ndinafunsa kuti, "Nanga bambo, ikanakana mukanatani?" Anandionetsa kabowo kotsekedwa ndi labala kumbuyo kwa dilamu. M'katimo muli kagudumu ka mano komwe amachunira ma shoe. Ukakazungulitsa ndi sikuludalaivala, ma shoe amabwerera m'mbuyo. Koma anati imeneyo ndi ntchito ya makaniko, chifukwa pambuyo pake mabuleki amafunika kuwachunanso bwino, apo ayi galimoto imayenda koma osagwira.

Msuweni wanga anatulutsa kabotolo ka WD-40 kuti apopere m'kati mwa dilamu "kuti zisadzachitikenso". Apanso anamuletsa. Mafuta otere ndi opopera pa kebulo ndi polumikizira pake pansi pa galimoto. Akafika pa ma shoe kapena m'kati mwa dilamu, buleki imaterera, ndipo ma shoe amenewo amafunika kusintha.

Mwina mukuti, nanga bwanji osangoikakamiza galimotoyo kuyenda, imasukira kutsogolo? Anthu ambiri amatero, makamaka buleki ikamagwira pang'ono chabe. Vuto lake ndi kutentha. Buleki yokhula imatenthetsa dilamu, kutenthako kumafika ku mafuta a mabuleki. Mafuta a DOT 3 akakhala atsopano amapirira madigiri osachepera 205, koma akayamwa chinyezi mlingo wake umatsika kufika cha m'ma 140. Akawira, mukaponda buleki phazi limangofika pansi. Ife njira yathu inali yodzera ku Golomoti n'kukwera Khwekhwerere, msewu wa makona okhaokha m'mapiri a Dedza. Kumeneko si kokayesera mwayi.

Titabwezeretsa teyala, bambo aja anakwera nafe. Tinayenda kamtunda kochepa pang'onopang'ono, msuweni wanga akupondaponda buleki mofewa kuti dzimbiri lotsala lipalike. Titaima, anayandikitsa dzanja ku teyala lililonse lakumbuyo, osakhudza, kuti amve ngati lina likutentha kuposa linzake. Onse anali chimodzimodzi. Anatiuza kuti tiimenso pa Monkey Bay n'kuonanso, ndipo tikafika ku Lilongwe dilamu itsegulidwe ku galaja, chifukwa nthawi zina chikopa cha pa shoe chimamatuka pamene dzimbiri likusweka.

Kwa inu amene galimoto zanu zili ndi kabatani m'malo mwa chogwirira, nkhani yake ndi ina. Handibuleki imeneyo imayendera magetsi, ndiye batire ikatha simasuka. Pa galimoto zogonamo izi zimachitika mosavuta ngati firiji, magetsi ndi kutchaja mafoni zonse zikudya batire yomweyo yolizira injini. Musathamangire hamala. Yambani mwapatsa moto batire, pondani buleki ya phazi, kenako dinani batanilo, ndipo onani buku la galimoto yanu chifukwa mitundu imasiyana.

Kupewa kwake n'kosavuta moti ndinachita manyazi. Mukadutsa m'madzi kapena mukatsukitsa galimoto, yendani pang'ono mukupondaponda buleki kuti iume musanaimike. Ngati galimoto ikhala masiku ambiri osayenda, pezani malo athyathyathya, isiyeni mu giya, kapena pa P ngati ndi otomatiki, gozani matayala, handibuleki muisiye yomasula. Potsetsereka kokani handibuleki ndithu, koma muziisuntha galimotoyo pakapita masiku angapo. Nyengo ya mvula, kuyambira Novembala mpaka Epulo, ndi pomwe vutoli limachuluka, makamaka kwa aja amasiya galimoto pa kapinga mwezi wathunthu podikira malipiro kapena mafuta.

Tinanyamuka 10 koloko m'malo mwa 5 koloko. Bambo aja tinawapatsa ndalama yomwe anatchula, msuweni wanga n'kuonjezerapo ina, ndipo yonse pamodzi sinafike ngakhale pafupi ndi mtengo wa kilachi yomwe tinatsala pang'ono kuotcha. Mawa lake alendo aja anapeza galimoto ikuwadikira pa bwalo la ndege, mabuleki ataonedwa kale ku galaja m'mamawa.

Pano m'galimoto muja mumakhala zinthu zitatu zomwe munalibe: zogozera matayala ziwiri zamatabwa, thabwa loika pansi pa jeke, ndi hamala. Aliyense wobwereka, msuweni wanga amamuonetsa zimenezi asanamupatse makiyi. Inunso ngati galimoto yanu yakhala pakhomo sabata yonse mvula ikugwa, pitani mukaisunthe lero, mawa musadzachedwe ku ntchito.