Phungu Akapuma N'kusanduka Wokopa Aphungu Anzake

Ku America kuli ntchito yololedwa ndi lamulo yokopa aphungu. Woigwira, amene kumeneko amamutcha lobbyist, amalipidwa ndi kampani kapena bungwe kuti azikumana ndi aphungu ku Washington, kuwatulira zofuna za omutumawo ndi kuwanyengerera kuti lamulo lilembedwe mowakomera. Makampani amalimbirana aphungu opuma, chifukwa iwowa amadziwa komiti imene bilu imakafera, amadziwa chiganizo chimene chingalowetsedwe m'bilu usiku anthu atatopa, ndipo akaimba foni anzawo akale amayankha.

Billy Tauzin wa ku Louisiana anakhala phungu kuchokera 1980 mpaka 2005, ndipo anafika pa wapampando wa komiti yamphamvu yoona za mphamvu ndi malonda. Mu 2003 anali mmodzi wa otsogolera lamulo loti ndondomeko ya boma yothandiza okalamba, ya Medicare, izilipiranso mankhwala. Komatu m'lamulomo munali ndime yoletsa boma kunenerera mitengo ndi makampani opanga mankhwalawo. Atangotuluka m'nyumba ya malamulo, Tauzin anakhala mkulu wa PhRMA, bungwe la makampani omwewo, pa malipiro amene nyuzipepala zinati ndi pafupifupi madola 2 miliyoni pachaka. Iye ankati mankhwala ndiwo anamupulumutsa ku khansa, n'chifukwa chake anavomera ntchitoyo. Anthu ambiri anafunsabe kuti pamene ankakonza lamulo lija, ankatumikira yani.

Malamulo a dzikolo saletsa ntchitoyi, amangofuna kuti ichitikire poyera. Lamulo la 1995 limati wokopa aphungu alembetse ku nyumba zonse ziwiri za malamulo, atchule womutuma, nkhani imene akuilondola ndi ndalama zimene walandira. La 2007 linakhwimitsa zinthu: malipoti aziperekedwa miyezi itatu iliyonse, seneta (phungu wa nyumba yaikulu) wopuma adikire zaka ziwiri asanayambe kukopa anzake akale, ndipo phungu amene akukambirana za ntchito ndi kampani akadali pampando aulule. Phungu wa nyumba yaing'ono amadikira chaka chimodzi. Malipotiwa ali pa intaneti, aliyense angawawerenge.

Mpata wozembera ulipo ndithu. Munthu amene kukopa aphungu sikumutengera 20 peresenti ya nthawi imene amagwirira womutuma sakakamizidwa kulembetsa, choncho ambiri amangodzitcha alangizi, n'kumatuma ena kukagogoda pakhomo.

Kupempha aphungu kuti amve dandaulo lako ndi ufulu wa nzika iliyonse, ndipo mabungwe a aphunzitsi ndi a odwala nawonso amakopa aphungu. Choipa n'chakuti phungu azivota diso lili pa ntchito ya mawa, pakuti wolipira amakhala munthu wamba. Boma la America linadikira mpaka 2022 kuti lipatsidwe mphamvu yonenerera mitengo ya ena mwa mankhwala aja. Ndiye musamangofunsa zimene phungu anachita ali pampando. Funsaninso kumene analowera atachokapo.