MSUZI WA ASODZI OSAUKA USANDUKA CAKUDYA CA OLEMERA KU MARSEILLE

M'mawa uli wonse timabwato ta asodzi timakoceza pa doko lakale la mzinda wa Marseille, kumwera kwa dziko la France. Asodzi amayala nsomba pa matebulo m'mphepete mwa madzi, zina zikali kuphiriphitha, ndipo amai a mumzinda amafika ndi madengu ao kudzagula ndiwo. Alendo ocokera kumaiko akutali nawonso amaunjikana pomwepo, koma ambiri a iwo amangopenya ndi kujambula zithunzi.

Marseille ali m'mbali mwa nyanja ya mcere yochedwa Mediterranean, imene ilekanitsa Ulaya ndi Afirika. Mzindawu unayambidwa ndi amalinyero a Cigiriki zaka ngati 600 Yesu asanabadwe, motero ndiwo wakale koposa m'dziko lonse la France. Lero muli anthu oposa 850,000, ndipo uposedwa ndi Paris yekha. Sitima zikuluzikulu za katundu zinaleka kale kulowa pa doko lakale cifukwa ca kucepa kwace. Patsala mabwato a asodzi ndi a anthu okonda kusewera pamadzi.

Cimene cinachukitsa mzindawu kwa anthu okonda kudya ndico msuzi wa nsomba wochedwa bouillabaisse. Kale msuziwu unali wa amphawi. Msodzi akatha kugulitsa nsomba zabwino ankatsala ndi zazing'ono, zaminga ndi zong'ambika ndi ukonde, zimene palibe anazifuna. Izi ndizo ankaziponya mumphika umodzi ndi kudya ndi a m'banja mwace. Dzinalo licokera ku mau awiri a cinenero ca m'deralo, otanthauza kuwira ndi kucepetsa moto. Ndilo langizo la kaphikidwe kace: mphika ukawira, moto ucepetsedwe.

Mumphikamo mumalowa anyezi, matimati, adyo, mafuta a azitona ndi cokometsera camtengo wapatali cochedwa safironi, cimene cimasandutsa msuzi kukhala wacikasu. Nsomba yosasowa ndi rascasse, ya mutu waukulu ndi minga yoluma, yokhala m'miyala ya pansi pa nyanja.

Alendo atayamba kuculuka, eni nyumba zina zodyeramo anayamba kugulitsa msuzi uli wonse wa nsomba pansi pa dzina lomweli. Poona kuti mbiri ya cakudya cao iri kuonongeka, ophika ena a mumzinda anagwirizana m'caka ca 1980 nalemba pangano la malamulo. Pangano likuti mumphika mukhale mitundu ya nsomba yosacepera inai, ndi kuti nsombazo zidulidwe pamaso pa wakudya kuti adzionere yekha cimene walipira. Msuzi umabwera m'mbale yaceyace pamodzi ndi buledi wouma wopakidwa rouille, ndiko kuti phala lowawa la adyo, tsabola ndi mafuta. Nsomba zimabwera m'mbale ina.

Koma mtengo wace ndi woduula mutu. M'nyumba zodyeramo zochuka munthu mmodzi amalipira ndalama zoposa ma Euro 50. Cotero anchito wamba sadya msuziwu kawirikawiri, ngakhale unayambira m'miphika ya makolo ao.

Mlendo wa thumba lopepuka sagona ndi njala ai. Pafupi ndi mseu waukulu wa Canebière pali dera la Noailles, kumene kuli msika ndi masitolo a anthu amene makolo ao anacokera ku Algeria, Tunisia, Morocco ndi zisumbu za Comoros. Kumeneko amagulitsa couscous, cakudya ca timibulu ta tirigu cophikidwa ndi nthunzi, cimene amadya ndi nyama ya nkhosa ndi masamba. Kulinso panisse, zitumbuwa za ufa wa mtundu wina wa nsawawa, ndi mabisiketi ooneka ngati bwato ochedwa navettes. Nyumba ina yophikira mabisiketiwa yakhala iri pa nchito kuyambira 1781.

Atakhuta, mlendo amakwera phiri la mamita ngati 150 kumene kuli chalichi ca Notre-Dame de la Garde, cimene cinapatulidwa mu 1864. Pamwamba pa nsanja yace pali cifanizo ca Mariya cokutidwa ndi golide, cotalika mamita 11. Eni mzinda amacicha "Amai Wabwino". M'kati mwa chalichi mulendewera timabwato tosema, mphatso za amalinyero ndi asodzi amene anapulumuka ku namondwe. Munthu akaima paphiripo amaona mzinda wonse, doko ndi zisumbu.

Pa cimodzi ca zisumbuzo pali linga la miyala la Château d'If, limene mfumu François I inalamula kuti limangidwe. Pambuyo pace linasanduka ndende, ndipo Akristu ambiri a mpingo wa Ciprotestanti anatsekeredwamo cifukwa ca cikhulupiriro cao. Mlembi Alexandre Dumas anaika ndendeyi m'buku lace la Le Comte de Monte-Cristo. Tsopano mulibenso akaidi, ndipo bwato limafikitsa alendo kumeneko m'mphindi ngati 20.

Nyanja imene inalemeretsa Marseille inabweretsanso maliro. Mu 1720 sitima yochedwa Grand-Saint-Antoine inafika ndi nsalu zocokera kum'mawa, ndipo pamodzi nazo munabwera mliri umene unapha pafupifupi theka la anthu a mumzinda.

Bvuto la masiku ano ndi lina. Bungwe la United Nations loona za cakudya ndi ulimi, la FAO, lakhala likucenjeza kuti mitundu yambiri ya nsomba za m'nyanja ya Mediterranean iri kuphedwa mopyola muyeso, msanga kuposa m'mene iswanirana. Nsomba zikacepa mtengo umakwera, ndipo msodzi wa bwato laling'ono ndiye amayamba kumva kuwawa. Pangano la 1980 linateteza kaphikidwe ka msuzi, koma silingathe kubweza nsomba m'madzi. Ngati nyanja sisamalidwa, rascasse imene kale inasowa woigula idzasowa m'mbale ya wolemera ndi ya wosauka yemwe.