Nkana: aphunzitsi atatu m'nyengo imodzi

Pa tumashopu twa ku Silverest, m'mbali mwa Great East Road, anthu ambili amakonda timu ya Nkana ngakhale kuti kwao ndi ku Kitwe. Koma zimene zinacitika mu 2021 zikali kuwawawa mtima.

Mu 2020 Nkana inatenga cikho ca ligi kacikhumi ndi citatu, kuposa timu ina iliyonse m'Zambia. Mphunzitsi anali a Manfred Chabinga. Patangopita miyezi yocepa, timu itayamba kuluza, akuluakulu anawacotsa ndi kuikapo a Kelvin Kaindu. Naonso sanakhalitse. Nyengo isanathe anaitanidwa a Beston Chambeshi, amene anapeza timu ili pafupi kutsika mu ligi yaikulu. Inapulumuka movutikila kumapeto kwenikweni.

Kodi colakwa cinali ciani? Mphunzitsi aliyense amabwela ndi kaseweledwe kake ndi anyamata amene amawakhulupilila. Osewela asanazolowele, wabwela wina ndi zake. Alimi mudziwa kuti mbande ya tomato ukaizula sabata iliyonse kuti uone mizu, siidzabala. Vuto likakhala la ndalama kapena kayendetsedwe ka timu, kucotsa mphunzitsi kuli ngati kusintha khasu pamene nthaka ndiyo yatha mphamvu.

Kucokela 2021 kufikila 2025 cikho ca ligi cinapita kwa Zesco United, Red Arrows ndi Power Dynamos, anansi ao a ku Kitwe komweko. Timu imene inafika pa fainolo ya Africa mu 1990 inangopenyelela.

Inu oyendetsa matimu a m'midzi ya Chongwe, mphunzitsi wanu akaluza kawili musafulumile kumuthamangitsa. Kuona maso a nkhono n'kudekha.