Nzeru za Pamtondo Zidachedwa Kufika kwa Opanga Mbeu

Mai wa ku Nsipe kapena ku Kandeu, m'boma la Ntcheu, amasiyanitsa chimanga ali pamtondo. Cha makolo n'cholimba: pokonola gaga amachoka bwino, mphale n'kutsala yambiri. Chofeŵa chimaphwanyika msanga, ndipo ufa wina umatayika pamodzi ndi gaga. M'nkhokwe namo, anankafumbwe amayambira chofeŵacho. Nzeru imeneyi idali m'midzi kuyambira kale, koma padapita zaka zambiri isadasinthe ntchito ya akatswiri opanga mbeu. Nkhani ya lero ikufotokoza chimene chidaichedwetsa, ndi phunziro lake kwa onse amene ntchito yawo ndi kufufuza zofuna za anthu.

M'bungwe lililonse lalikulu mumakhala magulu aŵiri. Gulu loyamba limapita kwa anthu kukafunsa ndi kulemba mayankho. Lachiŵiri ndi la amene amapanga katundu ndi kulamula kayendetsedwe ka ntchito. Wofufuza sapereka kanthu kwa mlimi mwachindunji. Woyamba kulandira zimene wapeza ndi mnzake wa m'bungwe lomwelo, amene ali ndi mphamvu yozisandutsa mbeu, mtengo kapena malangizo. Aŵiriŵa akapanda kumvana, lipoti limangogona m'kabati, ndipo mlimi amene adasiya khasu kuti ayankhe mafunso amakhala atataya nthaŵi pachabe.

Mbiri ya chimanga m'Malaŵi imaonetsa zimenezi poyera. M'zaka za m'ma 1970 ndi 1980, chimanga cha haibulidi chimene alangizi ankalimbikitsa chidali chofeŵa, monga SR52 wochokera ku Zimbabwe ndi MH12. Akatswiri a ku Chitedze, pafupi ndi Lilongwe, ankayeza mbeu poona matumba otuluka m'munda, ndipo pa muyeso umenewo mbeuzo zinkapambanadi. Koma alimi amene ankadzala haibulidi ankakagulitsa ku ADMARC, chakudya cha pakhomo n'kukhala cha makolo. Pofika 1987, haibulidi adali asadafike ngakhale gawo limodzi mwa magawo 10 a minda ya chimanga ya alimi ang'onoang'ono. Mtengo wa feteleza ndi kusoŵa kwa ngongole zidathandizira, koma nkhani ya mtondo ndi nkhokwe idali yaikulu.

Sikuti padalibe ofunsa. Kuyambira 1981 mpaka 1983, Anita Spring adatsogolera ntchito yofufuza za amai pa ulimi, imene idaonetsa kukula kwa gawo la amai m'munda ndi pakhomo. M'zaka zomwezo Unduna wa Malimidwe udayamba kuyesa mbeu m'minda ya alimi enieniwo. Mu 1989 Jonathan Kydd adalemba nkhani yodandaula kuti kafukufuku wa chimanga sadalabadire zofuna za mlimi wamng'ono. Chimene chidasoŵa kwa nthaŵi yaitali ndi njira yotengera mau a m'mudzi kukawafikitsa pamene pankasankhidwa mbeu zoti zipangidwe.

Zinthu zidasintha chakumapeto kwa zaka za m'ma 1980, pamene kulimba kwa njere kudaikidwa pakati pa zolinga za opanga mbeu. Akatswiri a ku Chitedze, mogwirizana ndi bungwe la CIMMYT la ku Mexico, adakwatitsa haibulidi wa kuno ndi chimanga cholimba, ndipo mu 1990 adatulutsa MH17 ndi MH18. Mbeuzi zinkabereka ngati haibulidi koma zinkakonoleka mofanako ndi cha makolo. Melinda Smale, wa CIMMYT, adatsatira m'midzi momwe alimi adazilandirira, ndipo zimene ankapeza zinkabwerera kwa opanga mbeuwo. Mbeu yatsopano siidathetse umphaŵi, pakuti ngongole za alimi zidasokonekera m'zaka zotsatira, koma funso la amai lidayankhidwa.

Ku Ntcheu phunziroli lidaonekanso kuyambira 2012, pamene ntchito ya Africa RISING idafika ku Nsipe ndi ku Kandeu, komanso ku Linthipe ndi ku Golomoti m'boma la Dedza. Kumeneko adagwiritsa njira ya munda wa mai ndi minda ya ana, imene Sieglinde Snapp adaiyambitsa m'dziko muno m'zaka za m'ma 1990. M'munda wa mai, pakati pa mudzi, mumayesedwa njira zonse. Mlimi aliyense amasankhapo ziŵiri kapena zitatu kukayesa kwake. Motero wofufuza, mlangizi ndi mlimi amaima pa mzere umodzi, ndipo akatswiri amadzimvera okha nkhani zonga ya mbuzi zimene zimadya nandolo ziŵeto zikamasulidwa m'chilimwe. Njira yodzala mtedza pamodzi ndi nandolo, imene idayesedwa kumeneko, boma lidaivomereza mu 2016.

Pali mfundo zitatu zimene ofufuza a m'banki, m'kampani, m'chipatala ngakhale pa nyumba ya wailesi angatengepo. Yoyamba, funso likonzedwe pamodzi ndi amene adzagwiritse ntchito yankho. Wofufuza ayambe wadziŵa chimene mnzake akufuna kusankha, ndi tsiku limene adzasankhe. Yachiŵiri, yankho liperekedwe pa muyeso umene mnzakeyo angagwire: kwa wopanga mbeu, mau oti “amai sachikonda” sakwanira, koma kuchuluka kwa mphale yotsala pa thumba limodzi n'chinthu chimene angathe kuyeza. Yachitatu, amene ali ndi mphamvu yolamula apite yekha kwa anthu, pakuti zimene munthu wadzionera saziiŵala msanga monga zoŵerenga.

Opempha kafukufuku nawo ali ndi udindo wawo. Amene amangofuna umboni woti maganizo ake akale ndi olondola akuwononga ndalama za bungwe. Akuluakulu adati safunsa adadya phula. Komanso wofunsa amene samva yankho amadya phula lomwelo. Phindu la kafukufuku siliyezedwa ndi kukula kwa lipoti, koma ndi chimene chasintha pakhomo pa munthu amene adayankha mafunso, monga mai wa ku Nsipe uja akaona mphale yake m'lichero.