Kusankha sefa yokwanila ndiponso yopanda congo ya thanki yaikulu ya nsomba

Nsomba zambili zowetedwa m'mathanki a galasi a m'nyumba zimafela m'madzi ooneka oyela, cifukwa cimene cimazipha sicioneka ndi maso. Cinthuco ndi poizoni wochedwa amoniya, ndipo cida cimene cimamucotsa ndi sefa ya madzi, imene ogulitsa amaicha fyuluta.

Amoniya amacokela m'thupi mwa nsomba pamene ikupuma, m'ndowe zake ndiponso m'zakudya zotsala zimene zimawolela pansi. Mu sefa mumakhala mabakiteliya amene amasandutsa amoniya kukhala nitrite, amenenso ndi poizoni, ndipo kenako kukhala nitrate, amene alibe ukali kwambili. Conco nchito yaikulu ya sefa ndi kusunga mabakiteliya amenewa. Kugwila zinyalala zoyandama ndi nchito yaciwili.

Mabakiteliya amatenga milungu 4 mpaka 6 kuti aculuke mokwanila mu sefa yatsopano. Ici ndico cifukwa cake nsomba zimafa kawilikawili ngati mwini wake azithila zonse tsiku lomwe wagula thanki.

Nkhaniyi ikhudza makamaka oweta nsomba za m'nyanja ya Tanganyika, monga Tropheus ndi frontosa, zimene zina zimagwidwa ca ku Mpulungu ndi kutumizidwa ku maiko akunja. Nsombazi zimafuna madzi okhala ndi laimu, monga a m'zitsime zambili zakuya za mu Lusaka. Koma m'madzi otele amoniya amakhala waukali kwambili kuposa m'madzi opanda laimu, ndipo ukali wake umaonjezeka madzi akafunda.

Asanagule sefa, munthu afunika kudziwa malita a thanki yake. Acukulitse utali, m'lifupi ndi kuya kwake m'masentimita, kenako agawe ndi 1,000. Thanki ya masentimita 150 m'litali, 50 m'lifupi ndi 60 kuya imatenga malita 450.

Muyezo umene oweta nsomba ambili amatsatila ndi wakuti madzi onse a m'thanki adutse mu sefa nthawi 4 mpaka 6 pa ola limodzi. Motelo thanki ya malita 450 ifunika sefa yokankha malita 1,800 mpaka 2,700 pa ola. Ngati nsomba ndi zambili kapena ndi zikuluzikulu zodya kwambili, muyezowo uyenela kukwela.

Nambala yolembedwa pa katoni siyenela kukhulupililidwa yonse. Opanga amayesa pampu pamene sefa ilibe kanthu mkati. Ikadzazidwa masiponji, ikalumikizidwa mapaipi, ndiponso ikayamba kukankha madzi kucokela m'kabati kupita pamwamba, mphamvu yake imatsika kwambili, nthawi zina mpaka theka. Kuonjezela apo, sefa yothamanga koma yocepa mkati imasunga mabakiteliya ocepa, conco kukula kwa malo oikamo masiponji kuyenela kuonedwa pamodzi ndi liwilo la pampu.

Pa nkhani ya congo, mitundu ya masefa imasiyana kwambili.

Sefa ya siponji yoyendela pampu ya mpweya ndi yochipa ndipo sicedwa kukonza, koma pampuyo imalila mosalekeza ndipo thovu limaphulika pamwamba pa madzi usiku wonse. Sefa yopacika m'mphepete mwa galasi imabweza madzi ngati kamathithi, ndipo phokoso lake limakula madzi akaphwa pang'ono m'thanki.

Sefa yokhala ngati cidebe cotseka, yochedwa canister, imaikidwa m'kabati pansi pa thanki. Kampani ya Eheim ya ku Germany ndi imene inachukitsa mtundu umenewu m'zaka za m'ma 1960. Popeza pampu yake ili mkati mwa cidebe codzala madzi, imamveka pang'ono cabe, ndipo ndi imene imayenelela bwino thanki ya pabalaza kapena ya kucipinda cogona.

Mtundu wina ndi sump, imene ndi thanki yaciwili yobisika pansi. Imasunga mabakiteliya ambili kuposa mitundu yonse, koma madzi otsika m'paipi amalila akasakanikilana ndi mpweya. Ifunikanso kusiyilidwa malo opanda madzi, cifukwa magetsi akazima madzi ena a pamwamba amatsikila mmenemo ndipo angasefukile pansi.

Sefa imene inali cete ikayamba congo, kawilikawili cifukwa cake cimakhala cimodzi mwa zitatu. Mpweya ungatsekeledwe m'cidebe, ndipo umatuluka cidebeco cikapendeketsedwa pang'onopang'ono. Mcenga ungalowe pa kacipangizo kozungulila ka m'pampu kochedwa impeller, kamene kafunika kutsukidwa kapena kusinthidwa. Nthawi zina cidebe cimangogunda thabwa la kabati, ndipo kuyala labala pansi pake kumathetsa vutolo.

Paipi yobwezela madzi ikaikidwa pansi pang'ono pa madzi, phokoso la kugwa kwa madzi limatha. Komabe iyenela kulozetsedwa m'mwamba kuti pamwamba pa madzi pazigwedezeka, cifukwa pamenepo ndi pamene mpweya wopuma nsomba umalowela.

Kuzima kwa magetsi ndi ciopsezo cina. M'caka ca 2024, pamene cilala cinacepetsa madzi pa damu ya Kariba, mabanja ambili m'dziko la Zambia anali kukhala maola oculuka pa tsiku opanda magetsi. Sefa yotseka ikaima kwa maola angapo, mpweya umatha mkati, mabakiteliya amayamba kufa ndipo madzi ake amaipa. Ngati yaima nthawi yaitali, madzi a m'cidebe ayenela kutayidwa isanayatsidwenso. Kapampu ka mpweya koyendela mabatili, kolumikizidwa ku siponji ya m'thanki, kamapulumutsa nsomba pa nthawi zotelo.

Pa thanki yaikulu, masefa awili apakatikati amateteza bwino kuposa imodzi yaikulu. Imodzi ikaonongeka inzake imapitiliza nchito, ndipo zingatsukidwe mosinthana kuti mabakiteliya asacepe onse nthawi imodzi.

Masiponji ayenela kutsukidwa m'madzi otungidwa m'thanki momwemo. Madzi a pa mpope amakhala ndi klorini, amene amapha mabakiteliya. Ndipo popeza nitrate amapitiliza kuculuka ngakhale sefa ikugwila bwino nchito, mwini thanki afunikabe kusintha gawo limodzi mwa magawo anai a madzi mlungu uliwonse, atayamba wacotsa klorini m'madzi atsopanowo.